Zithunzi za Anthu Wamba M'tchalitchi cha ku Cape Town

(NYIMBO YOTSEGULIRA)

 

Lero tikukamba za zithunzi. Sitikunena zithunzi za akatswiri olemba nyuzipepala kapena za anthu otchuka ayi. Tikunena zithunzi zojambulidwa ndi anthu wamba, zija za paukwati, za paubatizo, za mwana atavala yunifolomu tsiku loyamba sukulu. Tipita ku Cape Town, m'dziko la South Africa, kumene zithunzi zotere zinapachikidwa m'tchalitchi chakale, ndipo zinagwira ntchito imene eni ake sanaiganizepo pamene ankajambulitsa.

Nkhani yathu ili m'zigawo zitatu. Poyamba tiona mbiri ya dera lina la mumzindawu lotchedwa District Six. Kenako tilowa m'tchalitchimo kuti tione zimene zili pamakoma. Pomaliza tibwerera kwathu kuno, tikambirane za zithunzi zathu. Mfundo imene ndikufuna muigwire ndi iyi: chithunzi cha munthu wamba ndi mboni, koma mboniyi imalankhula pokhapokha wina akanena kuti ali pachithunzipo ndi ndani, anali kuti, ndipo zinali liti.

Tiyambe ndi mwambo wokhawo woonetsa zithunzi m'nyumba zopemphereramo. Ku Ulaya kuli timatchalitchi ta miyala timene tinamangidwa zaka mazana asanu ndi awiri kapena kuposa apo. Tina mwa ito anthu anasiya kupemphereramo, ndipo magulu a anthu okonda kujambula amapachikamo zithunzi zawo kuti anthu a m'deralo adzaone. Ku Cape Town kulibe tchalitchi cha zaka zimenezo. Azungu a ku Holland anakhazikika kumeneko mu 1652, ndipo nyumba yawo yakale kwambiri imene idakalipo ndi linga lotchedwa Castle of Good Hope, lomwe anayamba kulimanga mu 1666. Koma kukonda kujambula n'kwakale mumzindawu. Gulu la okonda kujambula la Cape Town Photographic Society linayamba mu 1890, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali David Gill, katswiri wa za nyenyezi. Masiku amenewo kamera inali ya anthu a ndalama. Itatuluka kamera yotchipa ya Kodak Brownie mu 1900, pang'ono ndi pang'ono nawo anthu wamba anayamba kudzijambulira okha.

Tsopano za District Six. Linali dera la m'munsi mwa phiri la Table Mountain, pafupi ndi doko komanso pakati pa mzinda. Dzinali linaperekedwa mu 1867. M'deramo munkakhala anthu a mitundumitundu: zidzukulu za akapolo amene anamasulidwa, makaladi, anthu akuda, amwenye, Ayuda ochokera ku Ulaya, Asilamu ndi Akhristu khomo ndi khomo. Ambiri ankagwira ntchito kudoko ndi m'mafakitale osoka zovala. Doko limeneli ife Amalawi lisatidutse, chifukwa ndi ku Cape Town komweko kumene Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU mu 1919, ndipo mphamvu zake zoyamba zinali pakati pa onyamula katundu kudoko.

Kusamutsa anthu m'derali kunayamba kalekale. Mu 1901, mliri utabuka mumzinda, boma linachotsa anthu akuda n'kuwapititsa ku Ndabeni. Koma chikwanje chenicheni chinagwa pa 11 February 1966, pamene boma la tsankho linalengeza kuti District Six ndi dera la azungu okha. Linagwiritsa ntchito lamulo la mu 1950 limene linkagawa malo okhala motsata khungu la munthu. Zimakina zogumulira nyumba zinalowa, msewu ndi msewu. Pofika mu 1982, anthu oposa 60,000 anali atachotsedwa. Ndibwereze kuti mumve bwino: anthu oposa 60,000. Anawamwaza ku chigwa cha mchenga ndi mphepo chotchedwa Cape Flats, m'madera ngati Manenberg, Bonteheuwel, Lavender Hill ndi Hanover Park. Anthu amene anakulira limodzi anapezeka wina uku, wina uko. Munthu amene ankapita kuntchito wapansi anayamba kulipira sitima kapena basi. Dzina la dera nalo analisintha kukhala Zonnebloem. Chimene chinatsala chiliri pabwinja lonselo ndi matchalitchi ndi mizikiti yowerengeka.

Boma linkanena kuti likuchotsa malo auve, odzaza zigawenga ndi matenda. Mawu amenewa muwasunge, tiwafuna m'chigawo chachiwiri. Timvere kaye nyimbo, ndipo tikabwerera tilowa m'tchalitchi muja.

(NYIMBO)

Mwabweranso bwino, omvera. Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za zithunzi za anthu wamba ndi dera la District Six ku Cape Town, limene boma la tsankho linagumula.

M'mphepete mwa deralo, mumsewu wa Buitenkant, muli tchalitchi cha Methodist. Nyumbayi poyamba inali yosungiramo ndi kugulitsiramo vinyo, ndipo inasanduka tchalitchi mu 1883. Pa nthawi ya tsankho, tchalitchichi chinkalandira misonkhano ya anthu otsutsa boma, ndipo mmodzi wa abusa amene anatumikirapo, Peter Storey, anadziwika kwambiri ndi kudzudzula kusamutsa anthu. Akhristu ake atamwazikana, mpingowo unaphatikizana ndi mpingo wina wa Methodist wa pakati pa mzinda, ndipo nyumbayo inatsala.

Mu 1988 anthu anachita msonkhano waukulu wokana kuti malo a District Six amangidwenso popanda eni ake. Ku msonkhano umenewo n'kumene kunachokera ganizo lokhala ndi malo okumbukirapo. Mu December 1994, chaka chimene Nelson Mandela anakhala mtsogoleri wa dziko, m'tchalitchi muja munatsegulidwa chionetsero chokumbukira misewu ya m'deralo. Okonza ankati chikhala milungu yochepa chabe. Koma anthu anabwera, nabwerabe, ena atanyamula zithunzi zawo m'zikwama, ndipo chionetserocho sichinatsekedwenso. Ndi chimene lero chili District Six Museum.

Tiyerekeze kuti talowa. Pansi pamene pankakhala mabenchi pali mapu aakulu a dera lonse, msewu uliwonse ndi dzina lake. Anthu amene ankakhala kumeneko amagwada n'kulemba dzina la banja lawo pamalo pamene panali nyumba yawo. M'mwamba mwapachikidwa zikwangwani zenizeni za mayina a misewu. Zikwangwanizi anazisunga mobisa ndi munthu wina amene ankagwira nawo ntchito yogumula nyumbazo, m'malo mozitaya monga anamuuzira. Pali nsalu zazitali zimene anthu amalembapo mauthenga, ndipo amayi amapeta mawuwo ndi ulusi kuti asafufutike. Ndiye pali zithunzi, zochuluka zedi. Zina anajambula akatswiri, koma zambiri zinachokera m'maalubamu a mabanja: akwati pakhomo la tchalitchi, timu ya mpira, ana a sukulu, oimba, banja litavala bwino pa tsiku la Eid kapena pa Khrisimasi, agogo atakhala pakhonde.

Mwakumbukira zimene boma linkanena zija? Linkati kunali uve ndi zigawenga basi. Zithunzizi zimayankha popanda kukweza mawu. Munthu akaona mayi atanyamula mwana wake wovala zoyera za ubatizo, akaona mphunzitsi ndi ana ake, amadziwa kuti kuno kunali mudzi wa anthu, okhala ndi ulemu wawo. Amene anajambula chithunzi cha ubatizo uja sankaganiza zotsutsana ndi boma. Ankangofuna chikumbutso. Koma nyumba itagwa, msewu utafafanizidwa, chithunzi chija chinasanduka umboni wakuti banja ili linalipo, ndipo linkakhala apa.

Nditchuleko anthu awiri. Woyamba ndi George Hallett, amene anabadwira ku District Six mu 1942. Mu 1968 anali mnyamata wongoyamba kumene kujambula, ndipo anayendayenda m'misewu ya deralo ndi kamera, nyumba zisanathe kugwa. Pambuyo pake anakhala wojambula wotchuka, mpaka kujambula Mandela pa nthawi ya chisankho cha 1994. Koma zithunzi zake za ku District Six anazijambula asanatchuke, ndipo lero ndi chuma cha dziko.

Wachiwiri ndi Noor Ebrahim, amene anakulira mumsewu wa Caledon, nadzagwira ntchito yolandira ndi kufotokozera alendo mu District Six Museum kwa zaka zambiri. Iye sanali katswiri, ankangojambula za kwawo ndi kamera yake. Ankakonda kufotokoza nkhani ya nkhunda zake. Atasamukira ku Athlone, anazitsekera m'khola kwa miyezi ingapo kuti zizolowere malo atsopano. Tsiku limene anazitsegulira, sizinabwerere. Anakazipeza zitatera pabwinja pamene panali nyumba yake yakale. Nkhani imeneyi simungaione pachithunzi chilichonse. Imafuna munthu woima pambali pa chithunzi n'kuifotokoza. N'chifukwa chake m'nyumbayi alendo ambiri amaperekezedwa ndi anthu amene ankakhala m'deralo.

Panalinso ojambula a mumsewu a kampani yotchedwa Movie Snaps. Ankaima pakati pa mzinda, n'kujambula anthu akudutsa, kenako n'kuwapatsa kapepala koti adzatengere chithunzi chawo. Mabanja ambiri a ku Cape Flats ali ndi zithunzi zimenezi mpaka lero: mtsikana atavala diresi lake labwino, mnyamata ndi chibwenzi chake, akuyenda mumzinda umene pambuyo pake anauzidwa kuti si wawo. Siona O'Connell, mphunzitsi wa pa yunivesite, anasonkhanitsa zithunzi zoterezi kuchokera kwa eni ake n'kukonza chionetsero ndi filimu.

Koma tichenjere pang'ono. Chithunzi cha pabanja sichinena zonse. Kodi inu munajambulitsapo tsiku limene munagona ndi njala? Tonsefe timajambulitsa titasamba, titavala za pa Sabata. Ku District Six kunalidi umphawi, nyumba zodontha, mabanja angapo kuthithikana m'nyumba imodzi, ndiponso magulu a anyamata ovuta. Eni nyumba ambiri sankakonza nyumba zawo. Zimenezi anthu a kumeneko sazibisa akamafotokoza. Chimene amakana ndi chakuti umphawi unali chifukwa chokwanira chopasulira mudzi wonse. Choncho chithunzi chimaonetsa mbali imodzi, pakamwa pa mwini wake pamatuluka mbali inayo, ndipo ziwirizi zikakumana timayandikira choonadi.

Nanga n'chifukwa chiyani tchalitchi chinakhala malo oyenera? Choyamba, anthuwo ankachidziwa kale. Ena anabatizidwa momwemo, ena anakwatira momwemo. Munthu wamba amaopa kulowa m'nyumba zikuluzikulu zoonetseramo zaluso, poganiza kuti ndi za ophunzira ndi olemera, koma khomo la tchalitchi amalidziwa. Chachiwiri, m'tchalitchi munthu amalowa modekha, amatsitsa mawu, ndipo kulira si chinthu chachilendo. Chachitatu, nyumbayo payokha ndi mboni, popeza inaona zonse ndipo inatsala.

Nkhani ya District Six sinathe. Pa 11 February 2004, Mandela anapereka makiyi kwa akuluakulu awiri oyamba kubwerera, a Ebrahim Murat ndi a Dan Ndzabela, onse a zaka zoposa 80. Dzina lakuti District Six linabwezeretsedwa mu 2019. Komabe ntchito yobwezera anthu malo awo yayenda pang'onopang'ono kwambiri, ndipo ambiri amwalira akudikira. Kwa mabanja amenewo, chithunzi chili pakhoma la tchalitchi chija ndi chokhacho chimene chinabwerera kwawo.

Tipume kaye ndi nyimbo ina. Tikabwerera, tikamba za kwathu kuno ndi zimene mungachite ndi zithunzi zanu.

(NYIMBO)

Tili m'chigawo chomaliza, omvera. Mfundo yathu ija tiikumbukire: chithunzi cha munthu wamba ndi mboni, koma chimalankhula pokhapokha tikadziwa kuti ndi ndani, kuti, ndipo liti.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ife sitinaone zimakina za boma la tsankho, koma kutaya mudzi timakudziwa. Mu March 2023, namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Pali midzi imene lero pali miyala yokhayokha. Mwana wobadwa chaka chimenecho akadzafunsa kuti kwathu kunkaoneka bwanji, chidzamuyankhe n'chiyani? Mwina ndi chithunzi chimene wina anajambula pa foni tsiku la chinkhoswe, kumbuyo kukuoneka nyumba, mtengo wa mango ndi phiri lisanagumuke.

Ndipo kujambula si kwachilendo kwa ife. Mungo Murray Chisuse, amene ankagwira ntchito yosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, anali mmodzi wa Amalawi oyambirira kugwira kamera, ndipo anajambula John Chilembwe ndi banja lake. Tchalitchi cha njerwa chimene Chilembwe anamanga ku Mbombwe chinagwetsedwa ndi asilikali a boma la atsamunda mu 1915, koma maonekedwe ake timawadziwa chifukwa cha zithunzi. Taganizaninso za zithunzi zija ankatumiza azigogo athu ali ku migodi pa nthawi ya Wenela ndi Teba: bambo atavala suti ndi chipewa, ataima pambali pa wailesi kapena njinga. Zimenezo ndi mbiri ya dziko lino, ndipo zambiri sizili ku nyumba yosungira mbiri ku Zomba ayi. Zili m'masutikesi mwathu, pansi pa bedi.

Tsono tichite chiyani? Ndikupatsani zinthu zinayi, ndipo ndizinena pang'onopang'ono.

Choyamba, lembani. Tengani zithunzi zakale, mukhale pansi ndi agogo kapena azakhali amene akuwadziwa anthuwo, akadali moyo. Kumbuyo kwa chithunzi lembani mayina, malo ndi chaka. Ngati chaka sichikukumbukika, lembani chochitika, monga kuti chinali chaka cha njala kapena chaka cha referendamu. Lembani ndi pensulo, mosadinikiza, chifukwa inki ya bolopeni imalowerera n'kuononga nkhope za anthu kutsogoloko.

Chachiwiri, tetezani. Adani a chithunzi ndi chinyontho, dzuwa, chiswe ndi mphemvu. Musachisiye pansi kapena kuchitsamiritsa ku khoma lonyowa m'nyengo ya mvula. Chimene chapachikidwa pamene dzuwa limawomba tsiku ndi tsiku chimafwifwa. Ndipo chithunzi chakale chimene muli nacho chimodzi chokha musakachimatitse pulasitiki pa makina otentha aja, chifukwa chikamatidwa sichimatukanso.

Chachitatu, chulukitsani. Chijambuleni chithunzi chakalecho ndi foni, muli pamthunzi panja, kuti kuwala kusanyezimire. Tumizirani abale angapo, wina ku Lilongwe, wina ku Chipata, wina ku Cape Town. Nyumba imodzi ikapsa kapena kukokoloka, chithunzicho chidzakhalabe kwina. Chimodzimodzinso zithunzi za pa foni: foni imabedwa, imagwera m'madzi, memori khadi imafa. Sankhani zochepa zofunika kwambiri mukatsukitse, zikhale papepala.

Chachinayi, onetsani. Apa ndi pamene tikuphunzira kwa anzathu a ku Cape Town. Nafenso tili ndi nyumba zopemphereramo zakale: St Michael and All Angels ku Blantyre imene inatha kumangidwa mu 1891, St Peter's pachilumba cha Likoma, matchalitchi a ku Livingstonia, ku Nkhoma ndi ku Mua. Koma simukusowa nyumba yotchuka. Holo ya mpingo wanu, kalasi ya sukulu kapena khonde la madrasa ndi zokwanira. Kambiranani ndi abusa, akulu a mpingo kapena a shehe. Pemphani banja lililonse libweretse zithunzi ziwiri kapena zitatu. Mangani chingwe kuchokera khoma ili kufika khoma ilo, mupachike zithunzizo ndi zopanira zovala. Pansi pa chithunzi chilichonse pakhale kapepala konena kuti ndi ndani, kuti, liti, ndiponso anajambula ndani. Ngati n'kotheka pachikani makope, zenizenizo zibwerere kwa eni ake tsiku lomwelo. Musaonetse chithunzi cha munthu popanda chilolezo chake kapena cha banja lake, makamaka cha ana, cha odwala ndi cha pamaliro. Ndipo musaiwale kuika mipando pafupi, kuti achikulire akhale pansi azifotokoza, achinyamata azilemba kapena kujambula mawu pa foni.

Kwa inu achinyamata okonda kujambula, ndikupempheni chinthu chimodzi. Nkhope zanu mwazijambula zokwanira. Tembenuzaniko kamera. Jambulani msika wa kwanu, chigayo, mjigo m'mawa, amalume akuumba njerwa, agogo akusinja. Lero zikuoneka zachabe chifukwa mumaziona tsiku lililonse. Anthu a ku District Six nawonso msewu wawo wa Hanover ankauona tsiku lililonse.

Kwa inu abale amene muli ku Cape Town, tsiku limene mwapuma kuntchito kafikeni mumsewu wa Buitenkant mukadzionere nokha. Ndipo muzijambula moyo wanu weniweni kumeneko, osati kugombe la nyanja kokha. Jambulani chipinda chimene mukugona, mpingo umene mumapemphera, anzanu amene mumadya nawo. Zidzukulu zanu zidzafuna kudziwa mmene zinalili.

Tisanasiyane, ndikusiyireni mafunso oti mukambirane pabanja madzulo ano. Chithunzi chakale kwambiri m'nyumba mwanumo ndi chiti, ndipo chili pati? Anthu amene ali pamenepo mungawatchule mayina onse? Ngati simungathe, ndani m'banja mwanu amene angathe, ndipo mukamuona liti? Nanga pampingo kapena pamzikiti panu, ndani angayambitse nkhani yosonkhanitsa zithunzi za m'mudzi?

Mukakambirana, tilembereni kapena kutiimbira foni, mutiuze zimene mwapeza, ndipo tidzawerenga ena mwa mauthenga anu mu pulogalamu ikubwerayi.  

(NYIMBO YOTSEKERA)